Masamba Anayi Amene Bambo Chikusa Anadula

Malemu bambo Levison Chikusa anabadwa pa 9 Malichi 1949 konkuno ku Mwadzama. Sukulu analekezera Sitandade 8. Mu 1970 anapita ku Blantyre kukaphunzira kusindikiza mabuku, nthawi imene zilembo zinali zachitsulo, zosanja chimodzichimodzi ndi zala. Mu 1975 anamanga banja ndi mayi Muriel. Mu 1988 anabwerako ndi makina awoawo, n'kutsegula malo osindikizira pa Boma. Ambiri muli pano, makadi a ukwati wanu anadutsa m'manja mwawo.

Mu 2016 malemu analemba buku la moyo wawo, n'kusindikiza mabuku makumi asanu. Asanagawe ndi limodzi lomwe, mantha anawagwira. Anatenga lumo, anadula masamba anayi m'buku lililonse, n'kusokanso mwaluso moti palibe anazindikira.

Chaka chino maso awo atayamba kufooka, mwana wawo Timoteyo anapeza zolemba zoyambirira m'kabati. Pofuna kuwasangalatsa, anazipereka osaziwerenga kwa katswiri wa kompyuta ku Lilongwe, kuti apange buku lowerengera pa foni. Sabata isanathe, linali litafika ku Dwangwa mpaka ku Joni, masamba aja ali momwemo. M'masambamo malemu anavomera kuti mu 1969 anabereka mwana wamkazi ku Chia, n'kumuthawa ali wakhanda, makolo a mbali zonse atakana ukwati wa Mkhristu ndi Msilamu.

Atamva, malemu anakalipa kuti, "Pita ukawatolere onse!" Timoteyo anayankha kuti, "Bambo, la pa foni silitoleredwa." Patapita masiku atatu, malemu anatuma uthenga ku Chia woitana mwana wawo wamkazi uja. Mwanayo anakana kawiri konse.

Pa 2 Juni malemu anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Pa 6 Juni mwana uja anafika, anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako analowa. Zimene anakambirana sitikuzidziwa. Malemu anatisiya pa 8 Juni.

Anamalira nonse, sitibisa: dzulo akubanja sanagwirizane za mawu amene nditi ndiwerenge tsopano. Mayi Muriel ndiwo alamula kuti awerengedwe. Malemu asiya mkazi, zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndi ana asanu, osati anayi. Woyamba kubadwa ndi mwana wa ku Chia uja, mayi Rahila, amene akhala pamphasa imodzi ndi mayi Muriel apo.

Tikuthokoza ansembe, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi abale a ku Chia amene mwabwera ngakhale ena sanakupatseni moni. Mzimu wa bambo Chikusa uuse mumtendere.