Tsiku limene anandinyamula pa chitseko

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine mwana wa amayi Nasimango a kumtunda kuja, kuseri kwa phiri. Ena mwandiyang'ana kawiri m'mawa uno musanandipatse moni, chifukwa munthu amene munkamudziwa uja anali wamkulu ngati nkhokwe. Ndine yemweyo. Jekete lokhali ndi limene lakula.

Ndinachoka kuno ku Ntchisi ndili wowonda, miyendo yolimba ndi zitunda. Ku Lilongwe ndinapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya bwana wina, ndipo kuyenda pansi kunathera pomwepo. Ngakhale pa okala ya pafupi ndinkapita pa galimoto.

Masana ndinkapezeka pa chiwaya. Tchipisi, nyama yonona, mchere wambiri, zakumwa zotsekemera mabotolo awiri. Ndikaweruka, mowa ndi kanyenya. Masamba ndinkati ndinadya kale kumudzi, anandikwana.

Mimba inatuluka, anzanga n'kuyamba kunditchula kuti Bwana. Ndikabwera kuno amayi ankandichingamira ndi nthungululu: "Wanenepatu mwana wanga! Tauni yakuyanja!" Nkhuku inkafa tsiku lomwelo. Ine ndinkati ndi madalitso a Mulungu, chonsecho tchalitchi ndinkangochiona podutsa.

Kenako mutu unayamba kuwawa chakumbuyoku. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anandikokera kuchipatala. Adokotala atandiyeza anati BP yakwera kwambiri, shuga nayonso yayamba. Anandipatsa mapilisi, nandiuza kuti ndichepetse thupi.

Ndikuuzeni zoona, abale. Ndinaopa kuwonda kuposa kufa. Mukudziwa nokha mmene timachitira kuno. Munthu wa kutauni akabwera atawonda timamulonjera bwinobwino, koma akangotembenuka timatsinana n'kumati, "Zija zamugwira." Ine ndinali katswiri wa manong'onong'o amenewo, ndiye sindinafune kuti andigwere ineyo.

Mayi a Tadala anayesetsa. Ankaphika chisoso, nkhwani wotendera, mchere pang'ono. Ndinkadya mwaulemu, ndikatuluka n'kukamalizira pa chiwaya. Mapilisi ndinamwa mwezi umodzi, mutu utangoleka ndinawaponya m'galimoto. Tsiku lina mkazi wangayo anandiyang'ana milomo ili noninoni ndi mafuta, nati, "Bambo a Tadala, ine simukundinamiza ayi. Mukunamiza ana anu." Ndinawaseka, Mulungu andikhululukire.

M'dzinja lina ndinabwera kudzaona amayi. Galimoto inatitimira m'matope kumunsi kwa phiri. Amayi atamva anatsika, nasenza chikwama changa pamutu. Mayi wokalamba patsogolo, ine bwana wa kutauni pambuyo, wefuwefu.

Pakati pa chitunda dzanja lamanja linalemera. Mwendo unakana. Ndinafuna kuitana kuti "amayi", koma kamwa inapotoka, mawu osatuluka. Ndinagwera m'munda wa chimanga.

Kumtunda kuja ngolo sifika nthawi ya mvula. Amuna a m'mudzi anazula chitseko cha nyumba ya amayi n'kundigonekapo. Anandinyamula anthu asanu ndi mmodzi, akuterereka, akusinthana mapewa. Ena a inu muli muno. Kulankhula sindinkatha, koma makutu ankamva zonse. A Kamwendo ananena chapansipansi kuti, "Koma achimwenewa, kutauniko amadya miyala?" Musawerame a Kamwendo, ndimakukondani. Munanena zoona, ndipo simunandigwetse.

Mimba imene ndinkanyadira ija inasanduka katundu wa anzanga. Amayi ankathamanga pambali, opanda nsapato, atagwira dzanja langa lakufalo. Ndinawaona nkhope ndipo mtima unasweka. Ndine amene ndinayenera kudzawaika iwo m'manda, koma ndinali pafupi kuwasiyira maliro a mwana wawo.

Pa chitseko chimenecho ndinapemphera koyamba patapita zaka zambiri. Ndinati mumtima, "Ambuye Yesu, thupi ili munangondisungitsa, ndaliwononga ndekha ndi matama. Ndikhululukireni. Musalole kuti amayi andilire."

Kuchipatala cha pa boma anati ndi sitiroko. Ndinagonako masabata angapo, mayi a Tadala akunditembenuza ndi kundidyetsa ngati khanda, osandikumbutsa ngakhale kamodzi kuti anandichenjeza. Tsiku lina amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, nati, "Undikhululukire mwana wanga. Ndinkalulutira chinthu chimene chinkakupha." Ndinalira ngati mwana. Iwo sankadziwa. Ine adokotala anali atandiuza.

Mulungu anamva pemphero lija. Anandidzutsa kudzera m'manja mwa madokotala ndi mwa mkazi wanga. Ndiye wina asachoke pano akuti pemphero lalowa m'malo mwa mankhwala. Ine m'mawa uliwonse ndimagwada, ndikadzuka n'kumwa pilisi langa, ndipo zonse ziwiri ndimati zikomo Ambuye. Mowa ndinasiya. Chisoso chija ndimachita kupempha china. Madzulo timayenda pansi ndi mayi a Tadala, ndipo mwina ndimawagwira dzanja, anthu aone.

Si zonse zinabwerera. Dzanja ili silikunga bwino, ndipo galimoto sindiyendetsanso. Nanga manong'onong'o aja? Ndikudziwa kuti alipo. Sandiopsanso. Koma amandikumbutsa anthu odwala amene ine ndinkawanena kumbali, pamene ankafunika moni wachikondi. Tchimo limenelonso ndalapa.

Dzulo ndakwera phiri lija ndekha, chikwama chili paphewa panga. Ndinapuma kawiri, koma ndinafika. Amayi anali ataima pakhomo, pa chitseko chomwe chija. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kukuwa kuti, "Wawondatu mwana wanga!" Kenako analiza nthungululu, mudzi wonse n'kumva.

Alemekezeke Mulungu amene anandibwezera kwa amayi anga ndili wamoyo!

Inu amene muli ndi ana kutauni, akabwera musangowaphera nkhuku, afunseninso ngati anakayezetsa. Ndipo iwe m'bale wanga amene mutu umakuwawa koma ukuopa pakamwa pa anthu, pita kuchipatala mawa lomwe. Yesu nayenso akukuitana lero. Bwera ndi miyendo yako, usadikire kuti akuzulire chitseko.

Ameni.