Mayi Akuzike Kaliwo, amene tinkalimbirana ndi nyanja

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1964 ku Ntcheu, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anayambira kwawo komweko, ndipo mu 1987 anamaliza maphunziro a sayansi ya zamoyo ku Chancellor College.

Mu 1991 anamanga banja ndi Bambo Edmond Kaliwo ku Zomba. Mu 1998 anabwera kuno ku America, mumzinda wa South Bend, mayi kudzapitiriza maphunziro, bambo n'kupeza ntchito ya unamwino. Bambo Kaliwo akuti zaka zimenezo ndi zokhazo zimene mkazi wawo anali wawowawo.

Mu 2004 malemu anapita kukachita kafukufuku kugombe la Mozambique. Kumeneko anaona nguva, nyama ya m'nyanja yamchere yomwe imayamwitsa ana ake, itafera mu ukonde, kamwana kake kakuzungulira pambali. Anabwerako ali munthu wina. Ankati nyamazi sizidziwa malire, ndiye n'kutaya nthawi kuziteteza ku Mozambique pamene zikukafera ku Tanzania. Anayamba kusonkhanitsa asodzi ndi akatswiri a m'mayiko awiriwa, komanso a ku Kenya ndi a ku Madagascar, anthu amene poyamba sankafuna n'komwe kugawana zimene apeza.

Anamfedwa, bambo atipempha kuti izi tisabise. Miyezi isanu pa chaka mayi ankakhala kunyanja, ndipo bambo ankachita nsanje. Kutchalitchi ankakhala okha anzawo ali awiriawiri. Foni ikalira, nkhani inali nguva ndi anamgumi, za kunyumba pambuyo. Wowalanda mkaziyo akanakhala mwamuna mnzawo, bwenzi atapita kukayankhula naye. Nanga nyama ya pansi pa madzi ungaiuze chiyani?

Mu 2012, banja litasamukira ku Lawrence ku Indianapolis, bambo anabisa pasipoti ya mayi m'galimoto, pansi pa tayala la sipeya, mawa lake uli ulendo. Mayi anasakasaka nyumba yonse, ndege n'kuwasiya, msonkhano umene anaukonzekera zaka ziwiri n'kulephereka. Patapita masiku atatu bambo anaulula. Malemu sanakalipe. Anangogula matikiti awiri a ulendo wotsatira. Bambo anakaiona nguva ndi maso awo, koma akuti nsanje siinathe. Inakula, chifukwa anaona mmene nkhope ya mkazi wawo inkawalira m'bwato muja.

Mu 2023 malemu anapezeka ndi khansa, ndipo bambo anasiya ntchito n'kumawadwazika okha. Sabata yomaliza mayi sankayankhulanso kapena kumwetulira. Kenaka panafika uthenga wochokera kwa asodzi, wakuti awona nguva ziwiri zili ndi ana. Bambo anawawerengera, mayi n'kumwetulira. Bambo akuti mumtima munawapweteka kuti si iwo anabweretsa kumwetulirako, komabe anawerenganso uthengawo katatu. Malemu anatisiya pa 9 Okutobala 2025, dzanja lawo lili m'dzanja la amuna awo.

Asiya amuna awo, ana awiri, Madalo ndi Kenan, mdzukulu mmodzi, Atupele, ndi abale atatu kumudzi. Tikuthokoza a mpingo, amayi a ku South Bend amene akhala akudiraiva ulendo wautali kudzatiphikira, anamwino, ndi inu anzawo a kunyanja amene mwauluka kudzalira nafe. Bambo akuti akulandirani, ngakhale munawabera zambiri.

Mayi Akuzike, mwafika. Mzimu wanu uuse mumtendere.