Atsibweni Anga ndi Zigayo Zinayi

Kale ndithu, magetsi asanafike kuno ku Nsaru, pamene munthu ankamva injini ya chigayo ikulira ali kumunda n'kudziwa kuti lero dizilo wapezeka, ine ndinali kamtsikana kotopetsa ndi mafunso. Mwandifunsa, ana inu, kuti kuyunivesite kuja ndinkagwira ntchito yanji zaka zonse zija, ndipo iwe Tadala wati amayi ako amanena kuti ndinali loya wosapita kukhoti. Sananame ayi. Manja asaleke kuthothola mtedzawo, ine ndizikamba, koma ndiyambira kuchigayo, chifukwa ndikayambira m'mabuku nonse muyamba kuwodzera.

Chigayo choyamba kudera lino anabwera nacho ndi atsibweni anga a Zakeyo, alongo awo a amayi. Anali munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wosaseka wamba, koma ine ankandilola kukhala pakhomo pa chigayo n'kumawafunsa chifukwa chake lamba sagwa, chifukwa chake ufa umatuluka wotentha, ndipo akatopa ankangoti, "Funsa, Nambewe, safunsa anadya phula." Bambo atanena kuti mwana wamkazi akadziwa kulemba kalata basi zakwana, atsibweni sanakangane nawo, anangotsegula khola, n'kutulutsa ng'ombe, n'kukagulitsa, ine n'kupita kusekondale. Masiku ano mumati munthu wapeza wom'thandiza. Ife tinkangoti mwini mbumba walankhula.

Nthawi imeneyo za mitengo sitinkazifunsa. Mtedza ndi chimanga tinkagulitsa kumsika wa boma, mtengo unkachokera kumwamba ngati mvula, ndipo mvula suifunsa kuti wagweranji pang'ono. Inu lero mumangotulutsa foni n'kufunsa mnzanu wa ku Mpingu kuti soya ali pa zingati, koma ife tinakula osadziwa kuti mtengo ndi chinthu chimene anthu amachita kupanga.

Dziko litalowa m'zipani zambiri, misika inatseguka, mavenda anayamba kukoloweka masikelo m'mitengo, ndipo ine apo n'kuti ndikuphunzitsa malamulo kuyunivesite. Kunabwera nkhani ya lamulo latsopano la mpikisano pa malonda. Musachite mantha ndi dzinalo. Limangonena kuti ogulitsa azipikisana, wina atsitse mtengo, wina akonze katundu wake, kuti wogula akhale ndi kosankha, ndipo limaletsa kuti ogulitsawo akhale pansi mseri n'kupangana mtengo umodzi. Anzanga anathamangira kufufuza makampani akuluakulu a m'tauni, ndipo mabuku onse amene tinkawerenga ankakamba za kunja, za sitima ndi mafuta. Koma ine kamtima kankandiyabwa: kodi zimenezi n'za anthu a mataye okha, kapena ziliko ndi kwathu kuno?

Yankho ndinalipeza patchuthi. Amayi anabwera kuchokera kuchigayo akudandaula kuti mtengo wakwera, ndipo madzulo ake mlamu wanga, amene ankagayitsa kumbali ya ku Kabudula, anabwera ndi dandaulo lomwelo, mtengo womwewo, tsiku lomwelo. Dera lonse lino linali ndi zigayo zinayi, zotalikirana mtunda woti munthu n'kutuluka thukuta panjinga, ndipo mafoni kunalibe. Nanga zinauzana bwanji? Ndinafunsa amayi, iwo anati, "Dizilo wakwera, mwanawe." Koma ine ndinali nditadutsa pomwetsera mafuta popita kumudzi, ndipo dizilo anali asanakwere.

Ndiye kafukufuku wanga anayamba choncho, osati ndi galimoto ya ofesi ayi. Ndinabwereka njinga, n'kumanga kathumba ka chimanga pakaliyala, n'kumazungulira zigayo zija, lero ichi, mawa icho, n'kumakhala pamzere ndi amayi anzanga. Pamzere wa chigayo, ana inu, pamamveka zambiri kuposa pawailesi. Ndinamva kuti mitengo imakwera pamodzi nthawi zonse. Ndinamvanso kuti munthu wa mudzi wakuti akapita kuchigayo chakutali amamubweza, amvekere, "Kwanu kuli chigayo, kagayitseni komweko." Ndinadabwa: wamalonda wanji wobweza kasitomala? Ndiye mayi wina wachikulire, akupeta mphale yake, anati, "Mukafuna kudziwa bwino kafunseni a Nangozo, amene m'chigayo chawo mukuikira nkhuku."

A Nangozo anali mayi wamasiye, amuna awo anamwalira atagwira ntchito kumigodi, ndipo chuma chimene anasiya iwo anagulira chigayo kuti alerere ana. Ndinawapeza kumbali ya ku Nambuma, ndipo zinalidi zoona, nkhuku inali itakhalira mazira pansi pa injini ya dzimbiri. Anandiyalira mphasa, n'kundifotokozera mosakweza mawu. Iwo atatsegula anaika mtengo wotsikirapo, ndipo amayi ankabwera mpaka mzere kukafika kumsewu. Posakhalitsa zigayo ziwiri zoyandikana nawo zinatsitsa kuposa iwo, kutsitsa koti munthu sungagule nako dizilo, ndipo zinakhala choncho mpaka a Nangozo anauma. Lamba ataduka, makaniko amene ankakonza zigayo zonse kuno anayamba kudwala tsiku lililonse limene iwo amuitana. Atangotseka, mitengo inabwerera mwakale, n'kupitirirapo.

"Nanga ziwiri zija sizinaluze?" ndinafunsa.

"Zinaluza, koma anzawo awiri aja ankazisonkhera."

"Amakumana kuti anthu amenewa? Ndani amawaitana?"

A Nangozo anati, "Kodi inu si mwana wa mlongo wawo wa a Zakeyo? Pepani, mayi, ine ndimayesa mwabwera kudzandiseka. Pitani kudibi tsiku losambitsa ng'ombe, mukaone amene amakhala pansi pa mkuyu."

Inu dibi simuidziwa bwino, poti masiku ano ng'ombe amangozipopera mankhwala pakhomo. Kale aliyense wa ng'ombe ankapita nazo kudibi, ndipo eni zigayo onse anayi anali ndi ng'ombe. Ndani akanadabwa kuona madoda anayi atakhala pamthunzi akudikira ng'ombe zawo? Ndinapita, ndinaima patali, ndipo ndinawaona, atsibweni ali pakati, chipewa chili pabondo, enawo akugwedeza mitu. Ndikuuzeni zoona, mtima unandiwawa, komanso mbali ina ya mutu wanga inkati, ha, nzeru zake! Zimene ndinkawerenga m'mabuku a kunja, anthu akukumana m'mahotela, kuno zinkachitika ng'ombe zikusambira.

Mawa lake ndinapita kwa atsibweni. Ndinakhala pansi monga mwa mwambo, ndinawapatsa moni, ndipo ndinafunsa molunjika. Ndinkayembekeza kuti akana, koma iwo anaseka pang'ono.

"Eya, timapangana. Nanga n'chobisa? Nambewe, iwe unali kusukulu chaka chimene tinkapikisana. Aliyense ankatsitsa kuti aphe mnzake, mpaka injini zikawonongeka panalibe wotha kugula chitsulo. Zigayo ziwiri zinafa, ndipo amako anabwerera kumtondo, manja kuchita matuza. Ndiye tinati, abale, tisaphane. Kodi kutchalitchi sitiphunzitsa kuti mutu umodzi susenza denga? Alimi akapanga kalabu kuti agulitse fodya pamodzi, inu ophunzira mumawomba m'manja. Ife tikagwirizana, mukuti mlandu. Kusiyana kwake n'kotani?"

Ana inu, ine amene ndinkaima pamaso pa ophunzira odzaza holo, funso limenelo ndinalizemba. Ndinangoti, "Nanga a Nangozo?" Nkhope yawo inasintha, anati, "Tinawaitana kuti alowe m'gulu, anakana okha."

Funso la atsibweni lija ndinapita nalo kuyunivesite, ndipo ndinganene kuti ndi limene linandidyetsa mpaka kupuma ntchito. Kodi kugwirizana kumakhala kwabwino liti, ndipo kumasanduka chiwembu liti? Ndinayenda nalo kwa ogula mtedza, kwa a minibasi, kwa ogulitsa feteleza, ndinakalifunsanso kumisonkhano ya kunja, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti uyenera kuyang'ana amene palibe pamene anthu akupanganapo. Alimi akagwirizana, amalimbana ndi wogula wamphamvu kuposa iwo. Koma pansi pa mkuyu paja, amene ankakambidwa anali mayi wosenza chimanga pamutu, wopanda kwina kopita, ndipo iye sanaitanidwepo. Komabe musaganize kuti atsibweni ananama pa zonse. Zoti mpikisano ukhoza kupha zigayo zonse zinali zoona, ndipo ndinazilemba momwemo, ngakhale anzanga ena ankati ndikufewetsa nkhani.

Ndisanatulutse zimene ndinalemba, ndinabwerera kukawauza atsibweni kuti sinditchula dzina la munthu kapena la mudzi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenaka anati, "Ng'ombe zanga zija ndinagulitsa kuti uphunzire kundilemba, eti?" Amayi anandidandaulira kuseri kwa nkhokwe, amvekere, "Mwanawe, dziko lonseli ulibe kwina kofufuza?" Ndinaganiza zosiya, ndithu ndinaganiza. Koma ndikatseka maso ndinkaona nkhuku ija pansi pa injini, ndipo ndinkadzifunsa kuti ndikabisa za kwathu, za eni ake ndidzazilemba ndi nkhope yanji?

Ndinatulutsa. Nkhaniyo inakambidwako pawailesi, ndipo ngakhale munalibe dzina, kuno aliyense anadziwa dibi yake ndi mkuyu wake. Atsibweni anasiya kundilankhula. Mwana wanga woyamba atapeza banja, iwo amene anayenera kukhala patsogolo pa chinkhoswe anatumiza mng'ono wawo, n'kunena kuti miyendo ikuwawa, koma tsiku lomwelo anthu anawaona akupalasa njinga kupita kumsika. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu alionse.

Mwina mukuganiza kuti zolemba zanga zinathetsa gulu lija. Ayi, ndisadzitame. Linatha magetsi atafika, pamene aliyense wa kandalama anayamba kuika chigayo, mpaka lero mukuona pamsika pokha zilipo zingapo zikulimbirana makasitomala. Atsibweni anagulitsa chawo, n'kuyamba kulima soya.

Ndiye tsiku lina, patapita zaka, ndikutuluka m'kalasi, ndinapeza mkulu atakhala pabenchi panja pa ofesi yanga, jekete la kutchalitchi, fumbi la ulendo lili m'nsapato. Anali atsibweni, atakalamba, atakwera mabasi ulendo wonse uja okha. Ndinagwada pomwepo, ophunzira akundiyang'ana. Iwo sanatchule zakale. Anangoti, "Nambewe, ndabwera ndi funso. Ndinapita ndi soya pa Nsaru, mavenda onse mtengo umodzi. Ndinakweza matumba pagalimoto mpaka pa Njewa, mtengo womwewo, ngati anabadwa mimba imodzi. Kodi lamulo lako lija limagwira eni zigayo okha?"

Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mwambi umenewo sindinawauze, ndinaumeza. Ndinawafotokozera kumene mlimi angakadandaule, ndipo ndinawapempha kuti mawa lake alankhule ndi ophunzira anga. Anavomera, ndipo anaima kutsogolo ngati akulalikira, n'kuwauza kuti, "Musamataye nthawi kufunsa ngati amapangana. Fufuzani kumene amakumana popanda wodabwa." Mtsikana wina anafunsa ngati iwo akuvomera kuti ankalakwa, ndipo atsibweni anayankha mosaphethira, "Ife tinali ndi chifukwa. Awa a soyawa ndi akuba." Kalasi yonse inafa ndi kuseka, iwo osaseka.

Ndinawaperekeza kumudzi pagalimoto yanga. Njira yonse ankandifunsa mafunso, za maiko amene ndinapitako, ngati kumenekonso anthu amapangana, ngati alipo amene anamangidwapo, ndipo ndinkayankha ngati mmene iwo ankandiyankhira kale. Titapatuka msewu wa tala kulowa wa kwathu, anafunsa akuyang'ana pawindo, "Kodi mayi uja wa ku Nambuma, a Nangozo, adakali komweko?"

Ndinati, "Anamwalira, atsibweni. Chaka chatha. Ana awo anabalalika, chigayo anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha."

Atsibweni anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri, ndipo anakhala choncho mpaka tinafika pakhomo. Chimene ankafuna kukawauza a Nangozo sindichidziwa, ndipo ine wa mafunso ambirine, limenelo lokha sindinafunse.

Ndiye ana anga, mtedza uwu mukapita nawo kumsika n'kupeza masikelo onse akuimba nyimbo imodzi, musathamangire kutukwana, komanso musangoti ndi mmene zilili. Dabwani kaye, funsani mwaulemu, ndipo mumvetsere ngakhale yankho la amene mukumukayikira, chifukwa nayenso amakhala ndi mbali yake ya choonadi. Koma ngati pali munthu amene mtima ukukuuzani kuti mukamuone, musadikire kuti mukolole kaye. Pitani adakali moyo woti n'kukuyalirani mphasa.