Matayala Anayi M'khoma la Kumpoto

Ine, Sagynbek Orozaliev, wa zaka 58, wa m'mudzi wa Sari-Kechu, womata ndi kusintha matayala pa shedi yanga ya m'mbali mwa msewu, ndikupereka umboni kuno ku polisi pa nkhani ya matayala anayi amene Bambo Kubanych, a ku ofesi yoona zomangamanga ku boma, akuti anabedwa pakhomo panga Loweruka lapitali, pa 19 Okotobala. Mawu oti kubedwawo ndi awo, si anga.

Ndiyambire kumbuyo pang'ono. Chaka chino kunalengezedwa kuti mudzi womanga nyumba yothandiza anthu onse ndi matayala akutha, m'malo mowawotcha kapena kuwaponya kumtsinje, upatsidwa thandizo la ndalama. Mayi Burul, azamba athu, ndiwo analemba kalata yopempha. Tinkafuna nyumba ya zipinda ziwiri yochiliramo amayi, chifukwa chipatala chili pa mtunda wa makilomita 64, kuseri kwa phiri, ndipo chipale chofewa chikagwa msewuwo umasankha galimoto. Mwana wanga Perizat ndi woyembekezera, masiku ake ndi a mu Januwale. Theka la ndalamazo linabwera. Theka lina, la mawindo, zitseko ndi mbaula, anati lidzabwera munthu wa ku boma akadzayendera n'kusaina kuti matayala onse m'makoma ndi akutha. Likapezeka latsopano ngakhale limodzi, thandizo lathera pomwepo.

Pa shedi yanga tinapangana chonchi: tayala loikidwa kumanzere kwa chitseko ndi lopereka ku nyumbayo, la kumanja ndi la ntchito. Izi amazidziwa aliyense m'mudzi muno. Alamu anga a Duishon amadutsa ndi ngolo yawo ya hatchi n'kutola za kumanzere, osafunsa munthu.

Lowerukalo linali la ashar, tsiku limene mudzi wonse umasiya zake n'kukagwira ntchito imodzi. Panatsala khoma lalifupi la kumpoto ndi mtanda wa denga. Linalinso tsiku lobwera woyendera.

Nthawi ili 9 koloko m'mawa, galimoto yoyera inaima pa shedi yanga. Munatuluka bambo wovala suti ndi nsapato zonyezimira zosongoka kutsogolo. Anali Bambo Kubanych.

"Ndiwe wamatayala?"

"Ndine, bwana. Mwayenda bwanji?"

Moni wanga sanayankhe. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa matayala anayi atsopano a nyengo yozizira, aja okhala ndi timisomali. Anati, "Ndi ochokera kunja awa, usawakande. Ndikamabwerera ndipeze uli utandiikira." Anawagubuduza okha n'kuwatsamiritsa kukhoma, kumanzere kwa chitseko.

Ndinati, "Bwana, mbali imeneyo..."

Anati, "Madala, ine ndimauza anthu poika nyumba. Usandiuze poika tayala."

Asanachoke anatembenuka n'kunena kuti, "Akalewo ndapereka ku kanyumba kanuko. Uwauze anthu kuti wapereka ndine." Kenako ananyamuka wapansi kupita kwa Mayi Burul, kumene anawakonzera chakudya.

Ndinakweza galimotoyo ndi jeke, kuikhazika pa zitsa zinayi, kumasula mawilo onse ndi kuvula matayala akalewo pa malimu. Akalewo ndinawagubuduzira kumanzere monga anandiuzira. Motero kumanzere kunali matayala asanu ndi atatu. Ndinali ndi maganizo osamutsira atsopanowo kumanja, koma nthawi ili 9:40 mkazi wanga anafika akupuma mothamanga.

"Bambo a Perizat, nkhosa ikukudikirani! Kodi mlendo adya matayala?"

M'mudzi muno nkhosa ya mlendo ndimapha ndine, ndipo wopha ndiye amagawanso nyama. Ndinasamba m'manja n'kumutsatira. Lembani kuti apa ndinalakwa. Sindinasamutse matayala aja, ndipo sindikukana.

Zotsatirazi sindinazione ndi maso anga, anandiuza ndi a Duishon. Akuti cha m'ma 10:15 anafika pa shedi ngolo ili yodzaza kale ndi matayala amene anatola m'midzi iwiri ya kumtunda. Anapeza asanu ndi atatu kumanzere, anawasanjika pamwamba. A Duishon alibe mandala chiyambire Ogasiti, pamene anawakhalira okha pa ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo popanda mandala sasiyanitsa tayala ndi mbuzi yogona. Powoloka kamtsinje ngolo inapendekeka, apamwambawo anagwera m'matope, anawatola. Atafika pomangapo, apamwamba ndiwo anayamba kutsitsidwa, ndiye ndiwo anakhala mzere wa pansi penipeni. A Duishon analengeza kuti matayalawo apereka ndi bwana, anthu anawomba m'manja. Wina akuti anati, "Awa ali ndi misomali, agwira pansi bwino, aikeni pakona." Anawadzaza dothi n'kuwasinja ndi mahamala.

Ine nthawi yonseyo ndinali kwa Mayi Burul. Panali tiyi, kenako timandasi tathu ta boorsok ndi batala, kenako msuzi, kenako nyama. Mutu wa nkhosa tinapatsa mlendo monga mwa mwambo, ndipo anaulemekeza ndithu, anangosiya mano. Anatifotokozera kwa nthawi yaitali za maphunziro ake a zomangamanga. Mlendo akamalankhula wogawa nyama sanyamuka. Ndinamasuka nthawi ili 1:30 masana.

Nditafika pa shedi ndinapeza galimoto ili pa zitsa, malimu anayi ali pansi opanda kanthu, kumanzere kuli mbee. Kuchoka pa shedi kufika pomangapo ndi mamita 400. Ndinathamanga. Mkazi wanga akuti chikwatirane sanandionepo ndikuthamanga.

Ndinapeza khoma lafika mizere isanu ndi itatu, amuna khumi ndi awiri akukhazika mtanda wa denga pamwamba pake, amayi ayamba kale kumata dothi kuchokera pansi. Ndinagwada pakona n'kukanda dothi ndi chala. Chala changa chinakhudza kamsomali.

A Duishon anandipeza ndili chogwada. Anati, "Alamu, mwaona kuolowa manja kwa bwana? Asanu ndi atatu, munthu mmodzi!"

Ndinati, "Alamu, mwatipha."

"Ndatani?"

Nthawi yomweyo Bambo Kubanych anatulukira ndi Mayi Burul, atanyamula mapepala ndi chidindo.

Mwandifunsa chifukwa chake sindinanene kanthu asanasaine. Ndinanena katatu, ndipo alipo anthu oposa makumi asanu amene anamva. Koyamba ndinati, "Bwana, pali nkhani ya matayala." Anati, "Ndabwerera zomwezo, pita uko." Kachiwiri ndinati, "Bwana, ndi matayala anu aja." Anati, "Ndamva kale, anthu andithokoza, zisakule." Kachitatu ndinawagwira mkono wa jekete. Anayang'ana dzanja langa, limene linali ndi dothi ndi mafuta a nkhosa, n'kunena kuti, "Iwe umamata matayala, ine ndinawaphunzira. Aliyense agwire yake." Mantha ndinali nawo, sindibisa, ndipo sindinayesenso kachinayi.

Anazungulira nyumba yonse, akugogoda makoma ndi cholembera. Atafika pakona ya kumpoto sanawerame. Anamenya tayala la pansi ndi kunsonga kwa nsapato yakumanja, ndipo china chake chinawakanda nsapatoyo kusiya mzere woyera. Anaiyang'ana, kenako anatembenukira anthu. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino lomwe.

"Mwaona? Ili latha mpaka mawaya atuluka. Amene ankayendera tayala ili ankafuna kupha anthu. Zinyalala ngati izi ndi zimene tikufuna m'makoma, osati pamsewu."

Anthu anawombanso m'manja. A Duishon anaimba mluzu. Bwana anatsamiritsa pepala pamsana pa a Duishon, anasaina, anadinda, n'kupereka kwa Mayi Burul. Anajambulitsanso chithunzi phazi lawo lili pa tayala lomwelo. Nthawi inali 2:20.

Nthawi ili 2:35 tinafika pa shedi, ine, bwana, Mayi Burul ndi a Duishon. Bwana anaima n'kuyang'ana galimoto yawo pa zitsa paja.

"Matayala anga ali kuti?"

"Ali m'khoma, bwana."

"Akalewo ndikudziwa. Ndikunena atsopano."

"Nawonso, bwana."

"Pati?"

"Lija lakukandani nsapato ndi limodzi. Enawo ali pambali pake."

Apa bwana analankhula zambiri, zina zokhudza makolo anga, zimene sindikufuna kuti zilembedwe. Analamula kuti khomalo ligumulidwe lero lomwe.

Mayi Burul ali ndi zaka 71 ndipo theka la mudzi uno linabadwira m'manja mwawo. Anati, "Mwana wanga, pepala ili mwasaina nokha, ndi chidindo chanu, kuti m'khomamo mulibe tayala latsopano. Tsopano pakamwa panu pakunena zina. Ife anthu osaphunzira timvere ziti?"

"Bweretsani pepalalo, amayi."

Mayi Burul analipinda kanayi n'kulilowetsa m'chifuwa mwa diresi lawo. Anati, "Bwerani mudzatenge." Bwana sanayandikire.

A Duishon, amene apa n'kuti atangomvetsa kumene, anavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, pepani zedi. Koma kunena zoona, akhala bwino pakonapo." Ndinawaponda phazi.

Basi yopita ku boma imadutsa pamsewu waukulu, makilomita asanu ndi awiri kuchokera m'mudzi. Bwana anapita pa ngolo ya a Duishon, atakhala pa thumba la udzu. A Duishon akuti njira yonse bwana anangotukwana hatchi kawiri basi. Lolemba ndi pamene tinamva kuti bwana asuma kuno ku polisi.

Mwandifunsanso ngati matayalawo angatulutsidwe. Angatulutsidwe, mukachotsa denga ndi mizere isanu ndi iwiri ya pamwamba pake. Imeneyo ndi ntchito ya masabata awiri kugumula ndi kumanganso, ndipo chipale chayamba kale kuyera pamwamba pa phiri. Dothi likauma ndi chisanu silisinjika mpaka Epulo. Komanso akatuluka, aliyense aona kuti ndi atsopano, ndiye mawindo, zitseko ndi mbaula sitizionanso. Za siginecha ya bwana zikatero, adziwa okha ku ofesi kwawo.

Choncho lero m'mawa, Lachiwiri, ndisanabwere kuno, ndamasula matayala anayi a nyengo yozizira pa galimoto yanga n'kuwaika pa ya Bambo Kubanych. Kukula kwake ndi kofanana. Si ochokera kunja, koma ayenda nyengo imodzi yokha, ndipo ndawapopa ndi kuwamanga ndekha. Makiyi awo ndi awa ndaika patebulo panu. Akhoza kukatenga galimoto yawo nthawi iliyonse, sindikufuna kanthu.

Galimoto yangayo ndi imene chaka chatha inawolotsa amayi atatu paphiri paja chipale chili m'mawondo. M'mudzi mulibe ina yokwera pamenepo. Tsopano ili pa zitsa, ndipo ikhala pomwepo mpaka nyengo yozizira ithe. Perizat matenda akadzamuyamba mu Januwale, ndilibe chomutengera kuchipatala. Adzayenda wapansi mamita 400 kupita ku nyumba ija. Ngati pakufunika munthu woti atsekeredwe, nditsekereni ine, koma khomalo musalikhudze.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Sagynbek Orozaliev ______________

Wolemba umboni: ______________ Tsiku: 22 Okotobala