Tsiku limene ndinafufuta kalata ya Esinati

Moni amayi anzanga a Lachinayi, moni a pa Mangochi ndi a m'mbali mwa nyanja monse. Ndine gogo wake wa Esinati, ndalemba ndekha ndi dzanja la sukulu ya kwacha, pamene pakhota muwongole. Nthenda imene Ambuye anandichiza si malungo ayi, si chifuwa ayi, ndi nsanje. Ndipo nsanjeyo sindinachitire mkazi mnzanga, ndinachitira makina.

Esinati ndi mwana wa malemu mwana wanga. Anandisiyira ali wakumsana, ndinamulera ndi usipa wa pathandala ku Chembe, ine kuyanika, iye kumbuyo kugona. Anaphunzira mwanayo, anaphunzira mpaka ku yunivesite ku Zomba. Atamaliza anamugwira kuti aziphunzitsa anzake m'chipinda cha makompyuta, chimene eni ake amati labu. Ndinalulutira mpaka mawu anasasa.

Khirisimasi inafika, Esinati sanafike. Kalata inati kwabwera makina atsopano. Pasaka inafika, kalata inati akufufuza zinthu ndi aphunzitsi akuluakulu, makinawo sangawasiye. Ine amene ndinamutafunira chakudya, lero kundiposa chitsulo? Ndinasiya kuimba kutchalitchi. Pemphero langa linaola, ndikuvomera pamaso panu, ndinkapempha mphenzi kuti ikagwere makinawo. Kenaka Esinati analemba kupempha chitenje changa chakale chobiriwira, chimene ndinkavala powamba nsomba. Ndinatumiza, ndimvekere mwina wandikumbuka, azivala.

Dzuwa la Okutobala litakula ndinalephera kupirira. Ndinamanga khadi la chipani pansonga ya nsalu, poti masiku amenewo wopanda khadi basi sankakwera, ulendo wokamutenga.

Pakhomo pa labu nsapato zinali ndondondo ngati pamzikiti. Mayi wosesa pamenepo, Abiti Jafali wa kwa Mponda, anandiuza kuti ndivule zanga, makina amadana ndi fumbi. M'katimo zii, kuzizira ngati madzi a mumtsuko. Ine kupsa ku Mangochi, makina akuwakupizira mphepo. Ndiye ndinachiona chitenje changa. Sichinali m'chiuno mwa Esinati, anali atafunditsa kompyuta.

Ndinayankhula pamaso pa ophunzira ake onse, manyazi anali atandithawa. "Esinati, sankha lero. Ukatsala ndi agogo ako atsopanowa, pamaliro anga usadzapondepo."

Anagwada mwanayo, misozi chuchuchu. "Agogo, ndamva. Ndilembe kalata yosiya ntchito, tizipita."

Ndinatuluka kukamudikira pakhonde. Mlandu ndinali nditawina, koma mtima unali mwala. Ndinati Ambuye, ngati ndalakwa nditumizireni munthu andiuze. Munthuyo anabwera atanyamula tsache. Abiti Jafali anakhala pambali panga, natambasula miyendo.

"Mwapambana, anganga? Chitenje chanucho ine ndafuna kuchichapa katatu, chimanunkha utsi wa nsomba, koma mwana wanu amachita kundilanda. Makina enawo amawavundikira ndi pulasitiki, chitenje ndi cha ake okha. M'mawa asanayatse amayamba wachinunkhiza, n'kunena kuti mwadzuka bwanji agogo. Ine ndimasesa kumbuyo kwake, ndimamva."

Amayi anzanga, Mulungu sasankha pakamwa. Ine Mkhristu wa zaka zambiri anandidzudzula ndi mlongo wachisilamu, ndipo mwala uja unasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Mwana amene ndinkati wanditaya anali atandiika pamalo pamene amakhala tsiku lonse.

Ndinalowanso. Ndinamupeza akugogoda kalata ija, zilembo zobiriwira zikufola pagalasi, maso atatupa. Chingerezi sindichidziwa, koma ndinafunsa kuti batani lofufutira ndi liti. Anandiloza. Ndinaikapo chala ichi, chala chotumbulira nsomba, ndinadina osachotsa. Zilembo zinayamba kubwerera m'mbuyo, chimodzi kumeza chinzake, mzere kutha, mzere kutha, kalata yonse psiti. Ine kudinabe, kudinabe, ophunzira kuseka ndi kuwomba m'manja, mpaka Esinati anandigwira mkono.

"Basi agogo, mufufuta ndi ntchito ya anthu."

Tinaseka tikulira, tinalira tikuseka.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanamvere pemphero langa loipa, koma anamvera la pakhonde. Ndikuthokoza chifukwa cha Abiti Jafali, Mulungu amukumbukire tsache lake. Inu amene ana anu apita kutali, ndipo mtima ukukunong'onezani kuti akutayani, musafulumire kutemberera. Pirirani, pempherani, funsani ngakhale wosesa. Esinati ntchito sanasiye, waphunzitsa ana a eni ambirimbiri. Ndinapita ku Zomba kukatenga munthu, ndinabwerera ndekha pa basi, ndipo chibadwire sindinayendepo wopepuka chotero.