Nsungwi Zimene Zinapha a Sijon anak Ribai

Malemu a Sijon anak Ribai anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi wathu wakale wa Sibuyoh, uja wa paphiri. Ine ndikuyankhulane ndine mng'ono wawo.

Sukulu anayamba mu 1959 kwa ansembe, n'kulekeza sitandade 6 kuti akathandize bambo athu kulima mpunga ndi tsabola. Mu 1974 anamanga banja ndi mayi Siren anak Gojip. Chaka chotsatira mudzi unatsikira kumsewu kuno, ndipo baruk, nyumba yathu yozungulira ya pansanja, momwe akulu ankaweruziramo milandu ndi kuimba ng'oma, inatsala paphiri n'kuolera komweko. Malemu sanadzikhululukire pa zimenezo.

Mu 2016, ataona kuti adzukulu awo sadziwa n'kagwiridwe komwe ka ndodo ya ng'oma, anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti timangenso baruk ndi manja athu. Tinavomera. Banja lililonse linabwera ndi mzati wake.

Tsono mumve bwino, anamfedwa. Ngakhale mwana pano amadziwa kuti nsungwi timadula mwezi uli kumdima, apo ayi zimafumbwa. Mu Meyi 2022 kunatsala kuyala nsungwi pansi pokha. Malemu anati tidikire masabata awiri. Koma wapampando wa komiti, a Lawrence Miyod, anali ataitana kale alendo a m'tauni kuti adzatsegule nyumbayo pa Gawai, chikondwerero chathu cha zokolola. Anauza malemu pamaso pa anthu kuti za mwezi n'zaumbuli, nankafumbwe alibe kalendala, ndipo kuti nkhalamba ikatopa izikagona. Anatuma anthu kukadula mwezi ukuwala. Pakhomo anakhomapo chikwangwani cha dzina lawo. La malemu, ngakhale chilembo chimodzi!

Malemu sananyanyale. Loweruka lililonse ankakwera kukaphunzitsa ana, akusesa okha ufa umene unkayoyoka m'nsungwimo. Anadandaula ku komiti katatu, ndipo katatu konse anauzidwa kuti tiona. Pa 12 Okutobala 2024 nsungwi zinathyoka, iwo n'kugwera pansi ng'oma ili m'manja, ana akuona. Anathyoka m'chiuno ndipo sanayendenso. Atisiya Lachiwiri, pa 4 Febuluwale 2025.

Asiya mayi Siren, ana anayi ndi adzukulu khumi ndi mmodzi. Tikuthokoza anamwino a kuchipatala cha boma, amayi a mpingo amene aphika masiku atatu, ndi anyamata amene akumba manda mumvula. A Miyod, ndakuonani kumbuyoko. Nkhata yanu ya maluwa ili pamsewu, mukaitenge popita. Sindikubisirani, ife mtima ukuwawa ndipo sitinakukhululukireni.

Banja lagwirizana izi. Mwezi ukapita kumdima tidzadula nsungwi zina, tidzayala pansi bwinobwino. Chikwangwani chanu sitichotsa ayi. Pansi pake tidzapachikapo nsungwi yofumbwa ija, imene mayi Siren asunga m'nyumba chithyokereni. Mwana aliyense wofunsa kuti imeneyi n'chiyani, tidzamuuza kuti awerenge dzina lili pamwambapo. Munkafuna kuti akukumbukireni m'baruk, ndipo adzakukumbukiranidi.

Achimwene, inu munadikira mwezi. Usani mumtendere.