Mayi Darlene Atsika M'boti la Alendo

Eni malo ano, Bambo ndi Mayi Lindgren. Akuluakulu oyang'anira za nsomba. Bambo Toivo Saarela, amuna a Mayi Darlene, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Anzanga operekeza alendo kukawedza panyanja. A kukhitchini amene fungo lanu likutisokoneza kale. Ndi inu alendo athu a chaka ndi chaka, ndakulonjerani nonse. Ine ndine Wendell. Boti langa lakhala likugona pafupi ndi la Mayi Darlene zaka zoposa makumi atatu. Choncho zimene ndinene pano si zongomva.

Achemwali Darlene, musandiyang'ane choncho. Lero mulibe injini yoti muthawire.

Tsiku lanu loyamba, madzi oundana anali atangosungunuka. Anakupatsani alendo awiri a ku Iowa, ine ndikukutsatirani pambuyo. Mutafika pamiyala paja munaimirira, n'kunena mwaukatswiri kuti, "Abambo, nsomba ya wolayi ili pansi pompano." Munanyamula nangula n'kumuponya m'madzi, phava! Chingwe chinatsatira, chinatsatirabe, mpaka kansonga kake nako kanalowa. Kuboti simunamange! Mlendo wina anasuzumira m'madzi nafunsa mwaulemu, "Mayi, kodi ameneyu amabwerako yekha?" Mpaka lero tikamadutsa pamenepo timavula zipewa.

Nanga mawu awo aja, ndani sawadziwa? Tiyeni tonse: "Pang'onopang'ono!" Mwaonatu. Mlendo akamakoka nyambo mwaphuma, amamuuza kuti, "Iwe zala zauma ndi kuzizira. Ukuyesa nsombayo yavala juzi? Gunditsa pansi, dikira, nyamula pang'ono. Ikatola sikoka, imangogogoda ngati mpongozi wamanyazi." Bambo Toivo anandinong'oneza kuti nawonso kunyumba, akamadya mothamanga, amamva mawu omwewo.

Ndiye kubisa malo! Akabwera ndi wolayi wonenepa, wa maso ake ambuu aja, ife timathamangira. "Achemwali, mwamukolera pati?" Iwo, nkhope ili gwa: "Pakamwa." Mwamuna wawo yemwe, wa ukwati wa kutchalitchi, amayankhidwa chimodzimodzi.

Koma tsopano ndinene chimene ndaimirira pano.

Chaka china kuzizira kunakana kuchoka. Meyi anafika, m'magombe mudakali madzi oundana. Maboti tonse tinkabwerako chimanjamanja. Sabata imeneyo kunabwera mkulu wina, Bambo Orville Brekke, atangotuluka m'chipatala ndi matenda a mtima. Mwana wawo wamkazi anatitengera pambali, misozi ili m'maso. Anati, "Madokotala akuti uwu ndi ulendo wawo womaliza. Akungofuna agwireko wolayi mmodzi." Tonse tinayang'ana pansi. Ndani angalonjeze nsomba m'madzi otero? Mayi Darlene anangoti, "Muwaveke zofunda zambiri."

Anayesa pamiyala, ayi. Anayesa kwakuya, ayi ndithu. Tsiku lomaliza litafika, mkulu uja anati, "Mwana wanga, tiyeni tibwerere. Nsomba nazo zanditsanzika." Mayi Darlene anawathirira khofi, nati, "Agogo, m'boti muno wotsanzika ndine." Anawolokera tsidya lija, pamene kamtsinje kamathira m'nyanja. Pamenepo m'posaya, pansi m'pakuda, dzuwa limafunditsako madzi pang'ono. Kamphepo kanayamba kuwinduka, mitambo n'kuphimba. Anawakolekera kansomba ka nyambo.

Ine ndinali chapafupi ndi alendo anga. Ndinangoona ndodo yowedzera ikupindika, mkulu uja akukuwa ngati waona moto. Inali nsomba ya wolayi, yaikazi, yaikulu, yagolide m'nthiti. Anaifungatira akulira. Mayi Darlene anati, "Agogo, iyi ndi mayi wa nsomba za mawa." Mkulu uja anaipsompsona pamutu, naibwezera yekha m'madzi.

Tinalira tonse tsiku limenelo. Bambo Orville tinawatsanzika ndi kuwakumbatira. Chaka chotsatira, galimoto yawo, vuu, yafika. "Ndabwera ulendo womaliza!" Chaka chinacho, womalizanso. Abale anga, ulendo womaliza umenewu ukupitirira mpaka pano. Bambo Orville, imirirani anthu akuoneni! Si awo ali pakona apo, mbale yachiwiri ya mbatata ili m'manja? Agogo, madokotala aja muwapatse moni.

Achemwali, nthabwala pambali. Madzi a nyengo ino sakhululuka. Munthu akagweramo, mphamvu zimatha asanaitane kawiri. Inu zaka zonsezi munatuluka ndi ana a eni, ndipo onse munabwera nawo kumtunda. Mphepo ikaipa munkabweza boti ngakhale mlendo akalipe. Injini ya mnzanu ikafa pakati panyanja, woyamba kufika munali inu, mutatitukwana kaye pang'ono. Ambiri mwa ife tinaphunzira kuwerenga madzi poyang'ana kumene mwaloza boti lanu. Zikomo. Zikomo kwambiri. Bambo Toivo ndi ana, mwatibwereka mayi nthawi yaitali. Lero tikukubwezerani, mawondo okha ndiwo aphwanyika pang'ono.

Tinakhala pansi kuganiza za mphatso. Wina anati mpando wopumulirapo. Tinaseka. Kenako tinakumbukira kuti zaka zonsezi mwakhala mukukoleka nyambo za ena, kumasula zingwe zopiringizika za ena, kuwolera nsomba za ena. Ndodo yanuyanu simunaigwire. Ndiye nayi, yatsopano, dzina lanu talemba pachogwirira. Nyengo yowedza ikatsegulidwa sabata yamawa, dzukani nthawi imene mwafuna. Pitani kumene mwafuna. Ikagogoda, palibe woti mumupatsire. Kokani nokha.

Mupume bwino, Achemwali, Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi madzi abata. Tsopano nonse ikani mafoloko pansi, inunso Bambo Orville. Tiimirire, tiwaombere m'manja mpaka tsidya lija amve!